Mwana wa M'nkhalango M'mabuku Awiri

Pa mwezi wa Januwale m'chaka cha 1800, nyengo ya chisanu choopsa m'dziko la France, mnyamata wina anatuluka m'nkhalango nafika pa mudzi wa Saint-Sernin, m'dera lotchedwa Aveyron. Msinkhu wake unali wa zaka ngati 12. Pathupi pake panali kansanza ka malaya basi, ndipo pakamwa pake sipanatuluke liwu la munthu ngakhale limodzi. Anthu a m'mapiri a kumeneko anali atamuonapo kale akufukula mizu ndi kutola mtedza wogwa m'mitengo. Chaka cha 1799 alenje 3 anamgwira nampereka kwa mayi wina wamasiye, koma patapita sabata imodzi anathawa nabwerera kutchire. Ulendo uno a boma anamtenga, ndipo pa mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho anafika naye ku Paris, likulu la dzikolo.

Mbiri ya mnyamatayu inalembedwa ndi dotolo wachinyamata, dzina lake Jean Itard, amene anamphunzitsa zaka 5 nalemba malipoti awiri, loyamba mu 1801, lachiwiri mu 1806. Malipotiwo amasindikizidwa pamodzi ngati buku limodzi, ndipo m'Chingerezi limatchedwa The Wild Boy of Aveyron. Koma anthu ambiri pa dziko lapansi akamva za mwana wokulira kutchire sakumbukira buku limenelo ayi. Amakumbukira lina, The Jungle Book, limene Mngerezi Rudyard Kipling anatulutsa mu 1894, lonena za mwana wongopeka, dzina lake Mowgli. Buku la Kipling latembenuzidwa m'zinenero zambiri, ndipo apangapo mafilimu angapo. La Itard amaliwerenga makamaka aphunzitsi ndi madotolo. Poyeza mabuku awiriwa, kutchuka kuyambe kwaikidwa padera, pakuti funso limene onse awiri akhudza ndi lalikulu: kodi mwana amene wakula osamva mawu a anthu amakhala munthu wotani? Kipling anayankha zokoma m'khutu, Itard anayankha zimene anaona. Ndipo pa nkhani iyi buku la munthu amene ntchito inamkanika ndilo lopambana.

Buku la Kipling

Nthano ya Mowgli inachitikira m'nkhalango za India. Kamwana kongoyamba kuyenda kanapulumuka kwa chilombo choopsa chotchedwa Shere Khan, chamizeremizere, chachikulu ngati mkango, ndipo kanafika pa phanga la mimbulu. Mimbulu ya ku India sifanana kwenikweni ndi ya ku Africa, koma nayonso imasaka pagulu. Mmbulu waukazi unakalandira nukayamwitsa pamodzi ndi ana ake. Mwanayo anakula, naphunzira kusaka ndi kusambira, ndipo pambuyo pake anapha Shere Khan mochenjera, pomupondetsa ndi njati zoweta m'chigwa chopanikizika.

Munthu asanamizire bukuli kuti n'lolembedwa mwaulesi. Kipling anali mmisiri wa mawu, ndipo mwana amene wamva mutu umodzi amafuna wachiwiri usiku womwewo. Ndiponso munthu wokulira pa nthano za Kalulu ndi Fisi sangadandaule kuti zilombo zikulankhula, pakuti m'nthano zilombo zimalankhula ndithu, ndipo womvera aliyense amadziwa kuti akunenedwawo ndi anthu. Mlandu wa bukuli uli pena. Nkhalango ya Kipling ndi mudzi wovala zikopa. Muli mfumu, mmbulu wokalamba Akela. Muli bwalo la milandu pa thanthwe. Muli namkungwi, chimbalangondo Baloo, amene amaphunzitsa ana malamulo ndi kuwaomba mbama akaiwala. Mulinso mayi wochinjiriza mwana wake kwa adani. Tsono Mowgli sanakhalepo yekha ngakhale tsiku limodzi. Analankhulitsidwa kuyambira ali wamng'ono, anadzudzulidwa, anayamikiridwa, anaitanidwa dzina. Zonse zimene mwana weniweni wotayika amasowa, Kipling anampatsa mwana wake mwakabisira, kenaka nauza owerenga kuti uyu ndiye mwana wa m'tchire.

Chinyengo chimenechi chimaonekera bwino pamene Mowgli alowa m'mudzi wa anthu. Mayi wina, dzina lake Messua, anamlandira m'nyumba. Mayiyo akatchula liwu, Mowgli ankalibwereza pompo, ndipo isanathe miyezi ingapo anali kulankhula ndi akuluakulu ndi kuwatsutsa pa bwalo. Anthu a m'mudziwo Kipling anawajambula ngati opusa, amantha ndi okonda nkhambakamwa, kotero kuti wowerenga amawaseka pamodzi ndi Mowgli, nayamba kuganiza kuti kukulira kutali ndi anthu ndiko kumapatsa mwana nzeru. Kipling anabadwira ku Bombay mu 1865, nthawi imene Angerezi anali kulamulira India, ndipo sikovuta kuona kuti alimi a dzikolo sanawapatse ulemu umene anapatsa zilombo zake.

Wina anganene kuti nthano ndi nthano, siipha munthu. Koma nthano ikakoma kwambiri anthu amayamba kuifunafuna m'moyo. Mbusa wina wa ku Midnapore ku India komweko, J. A. L. Singh, amene anali kusunga ana amasiye, ananena kuti mu 1920 anapeza atsikana awiri m'dzenje la mimbulu pansi pa chulu. Anawatcha Amala ndi Kamala. Wamng'onoyo anamwalira mu 1921, wamkuluyo mu 1929. Buku la zimene mbusayo anati ankalemba tsiku ndi tsiku linatuluka mu 1942, ndipo anthu ophunzira ambiri analikhulupirira, ngakhale kuti muli zinthu zokayikitsa, monga zakuti maso a anawo ankawala mumdima ngati a chilombo. Amene anapita kukafufuza pambuyo pake sanapeze umboni wotsimikiza za mimbuluyo, ndipo mu 2007 dotolo wa ku France, Serge Aroles, atasanthula makalata akale, analemba kuti nkhaniyo inali yabodza. Atsikanawo analipodi, ana osowa abale. Chimene chinaonjezedwa ndi mimbulu, pakuti mwana wa mimbulu amakopa maso a anthu kuposa mwana wamasiye wamba.

Buku la Itard

M'buku la Itard mulibe mmbulu ngakhale umodzi. Anthu a ku Paris anakhamukira kudzaona mnyamata wa ku Aveyron, akuyembekeza kuti adzazizwa ndi nyumba zawo zazikulu, ndi kuti posachedwa adzawasimbira za moyo wa m'nkhalango. Anapeza mwana wauve, wogwedezeka uku ndi uku kosalekeza ngati nyama yotsekeredwa, woluma ndi kukanda omuvuta, wosayang'anitsitsa chinthu chilichonse. Atakhumudwa analeka kubwera. Dotolo wamkulu wa odwala misala, Philippe Pinel, anamuyeza nagamula kuti mwanayo alibe nzeru ndipo sangaphunzire kanthu. Itard, amene anali ndi zaka 26 ndipo anali dotolo wa pa sukulu ya ana ogontha kumene mnyamatayo anasungidwa, sanavomereze. Iye anati mwanayo wakhala chomwecho chifukwa chokhala yekha nthawi yaitali, ndipo angathe kuchira.

Ubwino woyamba wa bukuli ndi maso a mlembi wake. Itard ankaona zinthu zazing'ono nazilemba monga momwe zinalili. Anawerenga zipsera 23 pathupi pa mnyamatayo. Pakhosi panali chipsera chachitali chonga cha mpeni, chimene chinamganizitsa kuti winawake anayesa kumupha asanamtaye. Anaona kuti mnyamatayo ankatola khala lamoto ndi dzanja, ndi kuvuula mbatata m'madzi owira, osaonetsa kupweteka. Kuti ankanjuta pansi panja maola ambiri pa mphepo yozizira ndi mvula osasamala. Kuti mfuti ikalira pafupi naye sankacheuka, koma wina akaswa mtedza ankatembenuka msanga. Khutu lake linali lamoyo, koma linali litaphunzira kumva za chakudya zokha. Apa pali chinthu chimene Kipling sanachifike: ngakhale kumva ndi kukhudza, zimene munthu amayesa kuti anabadwa nazo zathunthu, zimaleredwa pakati pa anthu. Akale anati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Itard anauona mwambiwo ukuyenda ndi miyendo iwiri m'chipinda chake.

Ataona kuti mnyamatayo amacheuka akamva liwu lakuti "o", anamtcha Victor, dzina lokhala ndi liwu limenelo. Anamsambitsa madzi otentha tsiku ndi tsiku kufikira khungu lake linayamba kusiyanitsa kutentha ndi kuzizira, ndipo pamenepo mpamene Victor anayamba kudziveka yekha zovala. Posakhalitsa anagwidwa chimfine, ndipo dotoloyo anachilemba chimfinecho ngati chipambano. N'zoseketsa, koma n'zoona: njira yobwerera kwa anthu inadzera pa kuyetsemula.

Ntchito yaikulu inali ya mawu, ndipo masamba onena za iyo ndiwo ogwira mtima koposa m'buku lonse. Itard anayesa kumchititsa kuti apemphe madzi ndi pakamwa. Ankamgwirira chikho patsogolo ali ndi ludzu, natchula dzina la madzi, napatsa chikhocho munthu wina amene walitchula. Victor anavutika, anatambasula manja, koma liwu silinatuluke. Tsono dotoloyo anayesa mkaka, umene m'Chifalansa amati lait, ndipo patapita masiku ochepa Victor analitchula liwulo momveka. Mlembi wina akanaimira pomwepo nadzitama. Itard anapitiriza nalemba chimene chinamkhumudwitsa: mnyamatayo ankatchula liwulo mkaka utathiridwa kale m'chikho, osati usanathiridwe. Silinali pempho, inali mfuu ya chimwemwe chabe. Kusiyana kumeneku kumaoneka kochepa, koma mpamene pagona nkhani yonse ya chinenero, pakuti liwu limakhala ndi ntchito likamaitana chinthu chimene palibe. Dotoloyo anazindikira zimenezi ndipo sanadzinamize.

Pakamwa patakanika anayesa zilembo. Anampangira zilembo zachitsulo, chilichonse ndi malo ake m'bokosi. Ankayala zilembo 4, L A I T, napereka mkaka. Tsiku lina, popita kukacheza kwa munthu wina amene ankakonda kumpatsa mkaka, Victor anatenga zilembo 4 zija nazika m'thumba mosauzidwa ndi munthu, ndipo atafika anaziyala pa tebulo mwa dongosolo lake. Pambuyo pake anaphunzira kuwerenga ndi kulemba mayina a zinthu zambiri, ndi mawu ena onena za ukulu wa chinthu, mtundu wake ndi ntchito yake. Koma phazi lililonse linali ndi dzenje lake. Akamuonetsa liwu lakuti buku, ankafuna buku limodzi lokha limene anaphunzirirapo. Mabuku ena ali pomwepo sankawayesa mabuku. Atamuongola, anapitirira muyeso nayamba kutcha buku kope, nyuzipepala ndi mulu uliwonse wa mapepala. Mwana wokulira pakhomo amadutsa m'mavuto omwewa ali ndi zaka 2 kapena 3, amake akusinja kapena akuphika, osazindikira n'komwe kuti akuphunzitsa. Buku la Itard limaonetsa kukula kwa ntchito imene amayi amagwira osaiona.

Pano payenera chenjezo, chifukwa nkhani zotere ena amazigwiritsa molakwa. Amati mmera m'poyamba, amene sanaphunzire ali mwana asadzivute. Pa kulankhula mwambiwo uli ndi mphamvu ndithu. Mtsikana wina wa ku Los Angeles ku America, amene m'mabuku amamtcha Genie, anapezeka mu 1970 ali ndi zaka 13, atatsekeredwa m'chipinda kuyambira ali wamng'ono. Anaphunzira mawu ambiri, koma kuwalumikiza kuti akhale ziganizo zolongosoka kunamkanika. Chinenero choyamba chimafuna kulowa msanga. Koma kuwerenga n'kanthu kena. Munthu wa zaka 40 kapena 60 amene wayamba sukulu ya kwacha ali kale ndi chinenero chathunthu m'mutu mwake, pamodzi ndi miyambi, milandu ndi mayina a mitengo yonse ya m'dera lake. Chomtsalira n'kuzindikira zizindikiro za mawu amene amawadziwa kale. Victor anali ndi zilembo m'thumba, koma analibe nkhokwe ya mawu yotapamo. Amene anganene kuti buku la Itard limatsekera akulu chitseko cha sukulu sanaliwerenge bwino.

Pamene Itard Analakwa

Bukuli silibisa nkhanza za mlembi wake, ndipo wowerenga sayenera kuzilumpha. Maphunziro atayamba kulimba, Victor anayamba kupsa mtima, kutaya zinthu ndi kudzigwetsa pansi. Itard, podziwa kuti mnyamatayo amaopa malo aatali, anamgwira m'chiuno namtulutsa pa zenera la pamwamba la nyumba yosanja, mutu uli pansi. Victor anatumbuluka, nanjenjemera, natolera zimene anataya, nakadzigwetsa pa kama n'kulira. Ndipo Itard analemba kuti aka kanali koyamba kumuona akugwetsa misozi. Tsiku lina, pofuna kudziwa ngati mnyamatayo amadziwa chilungamo, anamlanga dala atagwira bwino ntchito yake, namkokera ku kachipinda ka mdima. Victor anakana, namluma dzanja. Dotoloyo anakondwera ndi kulumidwako, pakuti kunasonyeza kuti mwanayo amasiyanitsa chilango choyenera ndi chosayenera. Chimwemwe chimenecho n'chomveka, koma pasaiwalike kuti mwana woyesedwayo analibe pakamwa pofunsira chifukwa.

Cholakwa chachikulu n'china. Victor ankakhala pa sukulu ya ana ogontha amene ankalankhulana ndi manja tsiku lonse, ndipo iye mwini anali wochenjera kale posonyeza chimene akufuna: ankatenga mbale yake yamtengo pofuna mkaka, ndipo mlendo akamtopetsa ankampatsa chipewa ndi ndodo yake n'kumkankhira ku khomo. Koma Itard anaumirira pa mawu a pakamwa ndi pa zilembo, osamphunzitsa chinenero cha manja. Harlan Lane, amene anatulutsa buku lofufuza nkhaniyi mu 1976, anadzudzula zimenezi, ndipo chidzudzulo chake n'cholunjika. Ndiponso dotolo amene ankakhulupirira kuti matenda a mwanayo ndiwo kukhala yekha anamphunzitsa yekhayekha, popanda ana anzake osewera nawo. Mankhwala anafanana ndi matenda.

Mkangano wa Pinel ndi Itard nawo sunathe. Akatswiri ena a masiku ano, monga Uta Frith, amaona m'makhalidwe a Victor zizindikiro za vuto lobadwa nalo lotchedwa autism, limene limavutitsa mwana kulankhula ndi kuyanjana ndi anthu, ndipo ena amaganiza kuti vuto limenelo ndilo linachititsa kuti atayidwe. Ngati n'choncho, ndiye kuti Itard analakwa pa chiyambi penipeni. Komatu akatswiriwo amatha kutsutsana naye chifukwa iye mwini analemba zonse mosabisa, ndi zomutsutsa zomwe. Buku la Singh litafufuzidwa linagwa. La Itard lafufuzidwa zaka zoposa 200 ndipo likadali mboni yodalirika. Njira zake anazitenga wophunzira wake Édouard Séguin nazigwiritsa pophunzitsa ana ovutika nzeru, ndipo kuchokera kwa Séguin zinafika kwa Maria Montessori wa ku Italy, amene masukulu ambiri a ana aang'ono amatchedwa dzina lake.

Pali munthu mmodzi amene bukuli limampatsa malo ochepa kuposa oyenera. Ndiwo Mayi Guérin, amene analembedwa ntchito yolera Victor, kumdyetsa, kumveka ndi kuyenda naye. Itard anawayamika, koma mwachidule, pakuti mtima wake unali pa maphunziro ake. Komabe pali ponse pamene Victor aoneka ngati munthu pakati pa anthu, mayiwa ali pomwepo. Mawu ochepa amene anatola yekha, osakakamizidwa, anachokera m'nyumba mwawo: mawu ofuulira Mulungu amene mayiwo ankakonda kunena, ndi kaliwu kena kofanana ndi mapeto a dzina la mwana wawo wamkazi, Julie. Nthawi ina anathawa nagwidwa ndi apolisi, ndipo pakuwaonanso Mayi Guérin anatumbuluka nakomoka pang'ono, kenaka anatsitsimuka m'manja mwawo nafuula ndi chimwemwe.

Ndipo pali nkhani ya mbale. Ntchito ya Victor m'nyumbamo inali kuyala mbale pa tebulo. Amuna awo a Mayi Guérin atadwala nagonekedwa kwina, Victor anapitiriza kuwayalira mbale tsiku ndi tsiku, ndipo tsiku ndi tsiku ankauzidwa kuti aichotse. Tsiku limene bamboyo anamwalira anaiyalanso. Mayi Guérin ataiona anayamba kulira. Victor anawayang'ana, natenga mbaleyo mosauzidwa, naibweza m'kabati, ndipo sanaiyalenso. Palibe anamphunzitsa zimenezo ndi zilembo zachitsulo, ndipo m'mabuku onse a Mowgli mulibe tsamba lofika pamenepo.

Lipoti lachiwiri la Itard limathera m'chaka cha 1806, maphunziro atalekeka Victor asanalankhule. Mu 1811 mnyamatayo anachotsedwa pa sukulu ya ogontha naikidwa m'nyumba ina yapafupi, m'manja mwa Mayi Guérin. Anakhala nawo kumeneko zaka 17, kufikira anamwalira mu 1828, ali ndi zaka ngati 40.